Dzina la Amayi pa Kaseti

Ndikakumbukira miyezi yoyandikira chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndimadziona nditakhala pakhomo pathu ku Kasakula, ndikuzunguza kaseti pa bolopeni kuti mabatire a wailesi asathe. Mphepo ya m'mapiri a Ntchisi inkabwera ndi fungo la fodya wouma m'zigafa. Bambo anali telala wa pakhonde, ndipo kupatula makina osokera, chuma chawo chinali chitini cha mabisiketi chodzaza makaseti amene ankajambula pa wailesi kalekale: nyimbo za magitala za kunja ndi za konkuno, pamodzi ndi mawu a oulutsa akuwerenga makalata a omvera. Amayi atamwalira, bambo anandipatsa ine udindo wosamala chitinicho, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Loweruka lililonse ndinkapukuta chuku pa makasetiwo, kuwayanika pamthunzi, ndipo tepi ikaduka ndinkailumikiza ndi kyutekisi wopaka zikhadabo.

Kaseti imodzi bambo anaimanga kansalu kofiira. Cha kumapeto kwake, pakati pa nyimbo ziwiri, muulutsi ankawerenga kalata imene amayi analemba bambo akugwira ntchito pa esiteti ina ku Dowa. Lamulungu lina lililonse tikachoka kutchalitchi, bambo ankaiyika, kumvera, n'kuibweza okha m'chitini.

Chaka chimenecho achimwene anga a Laisoni analowa gulu la achinyamata a chipani china. Ankayenda pa galimoto ya zimkuzamawu, ndipo ankafuna makaseti ojambulirapo nyimbo za kampeni, poti atsopano ankapezeka ku boma kokha. Bambo anawakaniza. Msuweni wa bambo anatsekeredwapo kundende ya ku Dzaleka chifukwa cha mawu amodzi a pamowa, choncho iwo ndale ankaziopa ngati njoka. Ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Achimwene ankayankha kuti nthawi yoopa inatha. M'nyumba munalowa chete woipa, moti ngakhale supuni ikagwa tonse tinkadzidzimuka.

Ndinathyola timano ta pamwamba pa makaseti onse, poti wokonza mawailesi pamsika anandiuza kuti kaseti yotero sijambulika. Chitini ndinachibisa m'thumba la mtedza. Kenaka ndinachita chimene ndinachiyesa nzeru: ndinamasula kansalu kofiira kaja, kuopa kuti kangakope diso la achimwene. Lachisanu ndikuchokera kumjigo ndinapeza mtedza uli mbwee pansi, makaseti atatu palibe. Achimwene anangotapa osasankha, namata mabowo a timano tija ndi selotepi kuti ajambulikenso. Madzulo anawabweza mwakachetechete, atakoperako nyimbo zawo ndi kuziliza pamsika. Nditawayang'ana, ndinapeza kuti imodzi inali ya amayi.

Masiku awiri ndinadya osamva kukoma. Ndinabwezeretsa kansalu kaja, ndikupemphera kuti mabatire afe kapena kubwere alendo. Lamulungu bambo anavula jekete, nakhala pampando wawo, nandiuza kuti ndibweretse kasetiyo. Atadina batani, m'malo mwa magitala munabuka ng'oma ndi makwaya otamanda chipani. Bambo sanazimitse. Anaika manja pamaondo, maso ali pa wailesi, kasetiyo ikuzungulirabe. Achimwene anaima pakhomo, dzanja lili pa chitseko, osalowa, osathawa. Ine ndinkayang'ana mtsempha wa pakhosi pa bambo ukugunda, ndikudikira kuti wina atukwanidwe kapena athamangitsidwe pakhomo.

Nyimbo za kampeni zinatha kaseti isanathe. Kunamveka kusokosera, kenaka mawu akale aja anatulukira pakatikati, dzina la amayi, Esitere, litadyeka theka: "...tere a ku Kasakula, akuti mvula yagwa, ana ali bwino, bwerani kumudzi."

Bambo anapuma mozama. "Laisoni," anatero osatembenuka, "khala pansi. Amako akulankhula."

Achimwene anakhala pansi penipeni, pa simenti, nabisa nkhope m'malaya a chipani aja. Bambo anabweza kasetiyo katatu, ndipo palibe anatchulanso za mlanduwo.

Chisankho chinabwera n'kupita. Bambo ndi achimwene anapita limodzi kukavota pasukulu, osafunsana kuti wavotera ndani. Lero bambo kulibe, ndipo ku Kasakula n'kovuta kupeza wailesi yoliza makaseti. Nyengo ija inandiphunzitsa kuti ufulu unabwera ndi phokoso lalikulu, ndipo m'chimwemwe chake tinafufuta zina zimene sizinatilakwire. Zaka zapitazo, achimwene, imvi zili mbuu, ananyamula okha makasetiwo kupita nawo ku Lilongwe kuti akawasamutsire pa kompyuta. Mnyamata wojambulayo atafunsa ngati adule nyimbo za kampeni zija, iwo anakana. Anati zisiyidwe momwemo, kuti ana awo azidikira nthawi yonse imene bambo anadikira asanamve mawu a amayi.