Amake Tadala Aphunzila Kuyenda Pang'onopang'ono

Aliyense amene anakwelapo basi ya ku Lusaka kapena ya ku Chipata n'kuima pa Nyimba anawaonapo amai Rabecca Daka, ngakhale sadziwa dzina lawo. Ndi amai aja aafupi, a duku lofiila, amene amafika pa windo basi isanaime n'komwe, beseni la nthochi lili pamutu. Pamsika amawaitana amake Tadala.

Anabadwila ku Luembe, kuchigwa kotentha, n'kukwatiwa pa Nyimba. Amuna awo anamwalila Tadala ali giledi fili, ndipo kuyambila pamenepo beseni ndilo linakhala munda wawo. Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi: basi siyembekeza munthu, wofika msanga ndiye amagulitsa. Zaka makumi awili akuthamangila mabasi, miyendo inazolowela. Ku mjigo ankapita chothamanga, ku chigayo chothamanga, ndipo chakudya cha masana ankadya ali chiimile, khutu lili kumsewu. Mabasi onsewo ankawadziwa ndi kulila kwa injini, koma iwo eni anali asanapitilile Petauke.

Sondo ina Misa itatha, aphunzitsi Morgan Njobvu anaimilila ndi chilengezo. Pa tchuthi cha Ogasiti adzatenga anthu khumi ndi awili a ku Nyimba ndi ku Petauke kukakwela phili la Mulanje ku Malawi, masiku atatu, kudzela njila ya oyamba kumene. Iwo anali atakwelako kawili. Anthu anaseka, ena n'kumafunsa kuti pamwambapo anasiyapo chiyani. Amake Tadala sanaseke. Madzulo anaimbila foni mwana wawo, amene tsopano amagwila ntchito ku Chipata.

"Ndatopa kuona nkhope za anthu m'mawindo," anatelo. "Ndifuna nanenso ndikhale m'kati, wina andionetse nthochi ndili pampando."

Tadala anawalipilila ulendo sabata yomweyo.

Kukonzeka kunayambila pa salaula. ANjobvu analemba pepala: jekete lolemela, chipewa cha ubweya, magolovesi, jombo, chola cha kumsana. Amake Tadala anayesa jekete lawo dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, ogulitsa anzawo akugwa ndi phwete. Jombo anauzidwa kuti azivale tsiku lililonse kuti zifewe, motelo kwa mwezi wathunthu okwela mabasi ankaona mai wa chitenge ndi jombo za msilikali akubwela gudugudu ndi nthochi. Chola chokha ndicho chinavuta. Ankachinyamula pamutu mpaka aphunzitsi anawaonetsa kuti pamwala wotelela mutu umafunika kuyang'ana pansi.

Loweluka lililonse m'mawa gulu linkakumana kukayesa miyendo pa kaphili kena ka m'mbali mwa msewu waukulu. Tsiku loyamba amake Tadala anangoti atayamba, uyo, azimilila m'mitengo. Anafika pamwamba, anakhala pamwala, anadya nshawa zawo zonse, anzawo osaoneka. Womaliza kufika anali bambo Febian Mumba, telala wa pa Petauke, munthu wathupi amene moyo wake wonse waukhalila pampando wa makina. Anafika akupuma ngati mvukuto.

Amake Tadala ankayembekeza kuyamikidwa. Koma aNjobvu anakhala pansi pafupi nawo nkhope ili yosakondwa.

"Amai, mwalephela," anatelo.

"Ndalephela? Nanga woyamba ndani?"

"Ndicho chifukwa chake. Kumene tikupita si kuno. Pamwamba paja mpweya ndi wochepa. Wothamanga ndiye woyamba kumva mutu, kenako kusanza, kenako timamutsitsa. Ndiponso nkhungu ikagwa, munthu amene ali yekha kutsogolo saona njila. Gulu limayenda ndi mwendo wa wochedwa."

"Ndamva, aphunzitsi."

Anamvadi, koma miyendo sinamve. Loweluka lachiwili anayenda ndi gulu mpaka pa mtengo wa msuku, kenako anasowa. Lachitatu chimodzimodzi. Pamenepo aNjobvu anaika lamulo pamaso pa onse.

"Loweluka likubwelali ndi lomaliza. ABambo Mumba adzakhala patsogolo. Aliyense wowapitilila, kaya ndi ndani, atsala. Sindifuna kukaimba foni kwa Tadala kuti amai ake tawanyamula pa machila."

Sabata imeneyo amake Tadala anayesa kudziphunzitsa pa ntchito. Basi ikaima, ankaluma mano n'kuyenda ngati mkwatibwi. Akamafika pa windo, anzawo anali atagulitsa kale. Rita, amene amakhala nawo benchi imodzi, anawagwila pachipumi.

"Amake Tadala, ndi malungo kapena mwapeza mwamuna wolemela?"

"Ndikuphunzila kuchedwa."

"Kuchedwa amaphunzila? Bwelani kwathu, amuna anga akuphunzitseni, ali ndi satifiketi."

Basi yachitatu itafika, amake Tadala anadzipeza ali kale pa windo, osadziwa kuti afikapo bwanji. Lachisanu madzulo anayang'ana jekete lija lili pa msomali, mtima n'kuwawa. Anthu amalephela ulendo chifukwa cha matenda kapena malilo. Iwo akanauza chiyani mwana wawo?

Loweluka m'mawa aNjobvu anawaika kumbuyo kwenikweni kwa bambo Mumba, iwo n'kupita kumapeto kwa mzele kumene amaona onse. Anayamba kukwela. Bambo Mumba ankaponda kamodzi, n'kutsamila ndodo, n'kupondanso.

"Amai, chidendene changa si sitepe," anatelo osacheuka.

"Nyamulani mwendo, bambo. Nyelele yatipitilila apa, yanyamula ndi katundu."

"Ipite. Siili pa pepala la aphunzitsi."

"Kodi malaya a anthu mumasokanso motele?"

"Ndiye chifukwa sang'ambika."

Anapitilila msuku uja. Thupi lonse la amake Tadala linkanyelenyetsa. Anawelenga miyala, anawelenga zigamba za pa chola cha telala, anapemphela. Atafika pakati pa phili, pamene njila imatambasuka pang'ono, kumunsi kumsewu kunalila hutala ya basi yochokela ku Lusaka, katatu, monga imachitila ikamayandikila pamsika.

Sanaganize kanthu. Anangoona phewa la bambo Mumba lili pambali pawo, ndipo jombo yawo ya kumanja ili kutsogolo kwa ndodo ya telala. Bambo Mumba anatambasula chigongono n'kutseka njila.

"Mwaiwala beseni kunyumba, amai," ananong'ona. "Mukagulitsa chiyani?"

Amake Tadala anabweza phazi. Mtunda wotsala unali wautali, ndipo anadziwa kuti kuwelenga miyala sikuwafikitsa. Anadzifunsa ngati pa moyo wawo wonse panali malo amodzi pamene anayendapo mosafulumila. Anapapeza. Pa Misa ya zokolola, azimai akamapita ndi mphatso kuguwa, iwo amakhala pamzele ndi mkoko wa nthochi pamutu, ndipo palibe amapitilila mnzake, chifukwa mwendo umatsata nyimbo. Kuponda, kuwelama pang'ono, kubweletsa phazi linalo.

Anayamba kuing'ung'udza nyimbo ya zopeleka, motsitsa. Phazi linatsata. Anaponda, anadikila mawu, anapondanso. Patapita kanthawi bambo Mumba analowetsa besi yawo, ndodo ikugunda pansi molingana. Mtsikana wina wa kumbuyo anapolokezela, kenako mzele wonse. Amene sanali a mpingo umenewo ankangotsata ndi mapazi. Anakwela motelo, pang'onopang'ono, osaima ngakhale kamodzi, mpaka anatulukila pamwamba onse khumi ndi atatu ngati anthu olowa m'tchalichi.

Bambo Mumba anadabwa okha. Anagwila pachifuwa.

"Taonani, ndikulankhula! Masiku onse ndikafika pano ndimangoloza ndi chala."

ANjobvu anafika, anamwa madzi, anatseka botolo mosafulumila. Kenako anayang'ana amake Tadala.

"Phazi lija ndinaliona."

Amake Tadala anayang'ana jombo zawo.

"Linapita lokha, aphunzitsi. Sindinalitume."

"Munati wondipitilila atsala," anatelo bambo Mumba. "Ine sindinaone munthu akundipitilila. Ndinaona jombo imodzi. Ngati ndi mlandu, jomboyo itsale, amai apite."

Gulu linaphulika kuseka, ndipo aNjobvu analephela kuugwila mkwiyo wawo wonamizila.

"Chabwino. Mukupita. Ndipo ku Mulanje mudzayenda kutsogolo, kumbuyo kwa wotilondolela njila, mudzatipatse mwendo umenewu. Koma kumeneko muzidzaimbila m'mphuno. Mpweya wa nyimbo yonse kulibe."

Amake Tadala anakhala pamwala, anavula duku n'kupukuta nkhope nthawi yaitali kuposa mmene thukuta linkafunila. Kenako anatulutsa foni, anatembenuka kuti msewu ndi madenga a Nyimba zioneke kumbuyo kwawo, n'kupempha mtsikana uja awajambule chithunzi chotumizila Tadala.

Nthawi yotsika itakwana anaimilila msanga, chola chili kale kumsana.

"Aphunzitsi, lamulo lija ndi la pokwela pokha, eti?"

"Potsikanso, amai. Potsika ndiye pothyoka miyendo."

Anapumila m'mwamba, n'kukhalanso pansi kudikila bambo Mumba, amene anali atangoyamba kumanga chingwe cha jombo yoyamba.