Nyuzipepala Inatama Alamu

Pamsika pathu palibe amene sawadziwa a Chipeso, ometa tsitsi m'kachipinda ka pakati pa telala ndi wokonza mawailesi. Dzinalo linabwera chifukwa cha chipeso chimene sichichoka m'thumba la malaya awo. Zisudzo anayamba ali mnyamata, m'maholo a sukulu ndi a tchalitchi, ndipo pamwamba pa galasi anapachika zithunzi zawo, apa ali wapolisi, apo ali m'busa. Ukakhala pampando umamva mbiri ya chithunzi chilichonse, ufune usafune.

Choncho anthu ojambula filimu atabwera kudzafuna woti akhale bwana wa gulu la zigawenga, palibe anadabwa kuti anasankha iwo. Nkhani yake inali ya bwana wokalamba amene wachiwiri wake akufuna kumulanda mpando. Wosewera wachiwiriyo ndiye ankasowa. Tsiku lina alamu awo, mlongo wa akazi awo, amene amadula nyama kubutchala, anafika kojambulirako kudzasiya makiyi a nyumba, epuloni ili m'chiuno. Mkulu wa filimu anangowayang'ana kamodzi.

"Nkhope timafuna ija ndi iyi."

A Chipeso anaseka mpaka misozi. "Awa? Awa ndi achibwibwitu. Kuti amalize moni, madzi amawira n'kuzizira."

Mkuluyo anangofufuta mawu ambiri, n'kuwasiyira alamuwo ziganizo zisanu basi.

Filimu itatuluka, nyuzipepala inalemba za iyo Loweruka lotsatira. A Chipeso anagula ziwiri, ina yoti adule apachike pakhoma. Amene anawerenga mokweza anali mphunzitsi wina wopuma ntchito, ali pampando, nsalu ili m'khosi. Wolembayo anati filimuyo ndi yaitali, mfuti zikumveka ngati munthu akumenya chidebe, ndipo nkhani yolimbirana utsogoleri anthu aionapo kambiri. Za a Chipeso panali mzere umodzi: bwana wa gululo amakalipa kuyambira poyamba mpaka pamene amuwombera, ndipo akafa m'pamene makutu amapuma. Ndime zitatu zotsatira zinali za alamu. Maso awo, kudekha kwawo, mmene amapukutira manja asanalamule kuti munthu aphedwe.

Makina ometera anazima mutu wa mphunzitsi uli theka.

"Wolembayo filimuyi anaionera, kapena anangomva m'minibasi?" anafunsa a Chipeso.

"Ine ndikungowerengatu, achimwene," anatero mphunzitsi.

Kuyambira tsikulo a Chipeso anasintha njira yopitira kuntchito, chifukwa pabutchala pankakhala azimayi ojambulitsa ndi alamu. Kunyumba nyama yochokera kumeneko ankangoikankhira pambali.

"Abambo, nyama yalakwanji?" anafunsa akazi awo.

"Ndi yolimba."

"Zaka zonsezi yalimba lero?"

Kasitomala aliyense ankamva zomwezo: kuti kaimidwe ka alamu m'filimumo anawaphunzitsa ndi iwo, kuti zaka makumi awiri pasiteji si masewera. "Kukhala chete ndi luso? Ndiye chitsa nachonso achipatse mphoto!" Komabe akatseka pa nkhomaliro ankayatsa foni n'kuoneranso filimuyo, kufunafuna pamene alamu anaphonya. Telala, amene amamva zonse kudzera pakhoma la matabwa, akuti anawerenga maulendo khumi ndi umodzi.

Mmawa wina alamu analowa m'chipindamo chipewa chili m'manja. A wailesi anali atawaitana kuti akalankhule za filimuyo, ndipo tulo sanagone.

"A-alamu, mu-mundiperekeze. Pa-pakamwa panga mukupadziwa."

A Chipeso anati ali ndi makasitomala. Munalibe munthu. Kenako anavala jekete.

Kuwailesiko, pa funso loyamba lomwe, alamu anakakamira pa mawu amodzi, thukuta lili kamukamu. A Chipeso anakokera maikolofoni kwa iwo. Anabwera atakonzeka kunena za zaka zawo pasiteji, koma wofunsayo ankangofuna za wolanda mpando, ndipo panalibe munthu wodziwa gawo limenelo kuposa iwo. Anafotokoza mmene alamu amachedwera kuphethira, mmene amayang'anira nsapato za munthu m'malo mwa nkhope, mpaka wofunsayo ankangogwedeza mutu. Pomaliza wofunsayo anati, "Omvera athu, tinali ndi katswiri wa filimuyi, limodzi ndi amene amawameta tsitsi."

Pobwerera a Chipeso anakwera minibasi limodzi ndi alamuwo. Alamu anawagulira nthochi pawindo, iwo anangoziika pamwendo.

Patapita miyezi iwiri ojambula aja anabweranso kudzafuna alamu pa filimu ina. Alamu anakana, ati kuima tsiku lonse kudikira kamera kumawapweteketsa msana, bola kudula nyama. A Chipeso anadikira sabata yathunthu foni ili pafupi ndi galasi, koma sinalire. Mpaka lero amameta bwino kuposa aliyense pamsikapo, ndipo ukafuna kuchoka msanga usatchule za filimu.