Mayendedwe a Abakha

Mumsewu wa mashedi, kumene utuchi umagwera ndi m'tiyi momwe, kalipentala wina ndi mng'ono wake amadziwika ndi dzina loti Abakha. Dzinali analipata chifukwa cha mayendedwe. Akanyamula tebulo kapena bedi, wamkulu kutsogolo wamng'ono kumbuyo, amapinda mawondo pang'ono n'kumaponda pafupipafupi, ndipo wina akaponya mwendo wamanzere mnzake amaponya wamanja. Owotcherera zitsulo a pashedi yoyandikana amasiya ntchito n'kumalira ngati abakha enieni. Kalipentalayo sapsa mtima. Amangowauza kuti tsiku limene adzaone kabati yake itasweka galasi panjira, adzabwere adzamuseke bwinobwino.

Mayendedwewa anawaphunzitsa ndi malemu bambo awo, amenenso anali kalipentala pashedi yomweyo. Bambowo anapita kunkhondo asanakwatire, ndipo anabwerako ndi miyendo yonse iwiri, jekete limodzi ndi pakamwa potseka. Za kunkhondo sankazitchula n'komwe. Chimene ankalankhula mpaka kutopetsa chinali kanyamulidwe ka katundu.

"Wakutsogolo manzere, wakumbuyo manja! Musamagube, mwanyamula chinthu!"

Anawo akangofananiza miyendo, ankawabweza kuti akayambirenso pakhomo, ngakhale atanyamula kampando koti munthu mmodzi akanakapanira m'khwapa. Anthu oyandikana nawo sankachedwa kuponya mawu. "Msilikali wanji wodana ndi kuguba? Ameneyu kunkhondoko ankatsuka mbale." Mawu amenewa kalipentala anawamenyera ndewu kusukulu, ndipo dzino lake lakutsogolo ndi lobenthuka mpaka lero.

Amayi ake nkhawa yawo inali ina. Amuna awo sankazinga nkhuku, ankachita kupempha munthu wodutsa. Akamasamba m'manja ankafika mpaka m'zigongono, sopo n'kumatha ngati akudya. Nthawi zina ankangokhala pakhonde, manja ali pamawondo, n'kumawayang'ana ngati si awo. Amayiwo anadziwerengera okha mumtima kuti manja amenewa anapha anthu. Ankawakonda amuna awo, zimenezo palibe angatsutse, koma sanawafunsepo, ndipo bambowo anamwalira funsolo lisanatuluke.

Ukalamba utawagwira miyendo, kalipentala anawatenga amayiwo n'kuwapatsa chipinda chakuseri kwa nyumba yake, chimene zenera lake linayang'ana pachingwe choyanikapo zovala. Tsiku lina akuwasisita mapazi ndi mafuta, anamva akumuitana ndi mawu otsika.

"Mwanawe, ine ulendo wayandikira. Kumeneko ndikawapeza bambo ako. Ndikawayang'ana bwanji ndisakudziwa? Undifufuzire. Ngati anapha, undiuze kuti anapha."

Kalipentala anatseka shedi n'kuyamba kuyenda. Ku ofesi ya asilikali opuma anamulandira bwino, anamupatsa mpando, koma mapepala a nthawi imeneyo anali atadyedwa ndi chiswe. Chimene anapeza ndi dzina ndi nambala, zomwe ankazidziwa kale chifukwa zinalembedwa mkati mwa jekete lija. Ankati akamva kuti kwinakwake kuli nkhalamba yomwe inapita kunkhondo, ankakwera basi, n'kukapeza kuti anaiika m'manda chaka chatha. Nsapato zinatha, ndipo maoda a mipando anayamba kupita kwa anzake.

"Achimwene, mwavutika mokwanira," anatero mng'ono wake. "Ingowauzani kuti bambo anali ophika. Afe ndi mtima pansi."

"Iwe, amayi aja anatibereka. Bodza lathu amalimva lisanatuluke pakamwa."

Choncho madzulo alionse akalowa m'chipinda chija, amayiwo ankamuyang'ana kumaso, iye n'kupukusa mutu. Zinkamupweteka kwambiri, chifukwa ankaona kuti akuchepa tsiku ndi tsiku.

Pakati pa zonsezi kunabwera mphunzitsi wina wamkazi kudzaoda bedi la agogo ake, lalitali bwino ndiponso lokhala ndi chogwirira m'mbali. Atalimaliza, Abakha analinyamula ulendo wa kunyumba kwa mphunzitsiyo. Kumeneko anapeza vuto. Chipinda chinali chaching'ono moti bedi latsopano silikanalowa lakale lisanatuluke, ndipo pabedi lakalelo panali agogowo, mwamuna wowonda ngati ndodo, amene chiuno chawo sichinkalola kuti munthu awagwire m'khwapa.

"Tikawadzutsa amakuwa mpaka kumsewu kumamveka," anatero mphunzitsiyo akupotokola zala.

Kalipentala anayang'ana uku ndi uku, n'kuzula chitseko cha chipindacho m'mahinjesi ake. Anachilowetsa pang'onopang'ono pansi pa matiresi, iye n'kugwira kutsogolo, mng'ono wake kumbuyo. Sanauzane kanthu, miyendo inadziwa yokha. Anadutsa m'kakhonde ka mkati, agogowo ali chagada, maso atatsinzina, mano ataluma kudikira ululu. Asanafike pabalaza, nkhalambayo inalankhula.

"Taimani."

"Takupwetekani, agogo?" anafunsa kalipentala.

"Ayi. Ndani anakuphunzitsani kuyenda chonchi?"

"Malemu bambo athu."

"Anapitako kunkhondo?"

Kalipentala anavomera ndi mutu. Anawatsitsa bwinobwino pamipando iwiri, n'kugwada pafupi. Agogowo anakweza malaya n'kuonetsa chipsera chachikulu pachiuno.

"Ichi ndi chipolopolo. Oyamba kundinyamula anali anzanga a mfuti. Anyamata abwino, koma anazolowera perete, miyendo pamodzi, manzere onse, manja onse. Machira ankangoti uku, uku, ine kukuwa ngati mbuzi. Kenako anafika eni ake a ntchitoyo, onyamula ovulala. Atangondikweza, ndinayesa ndagona pamadzi odekha. Iwo ankawaphunzitsa kusemphanitsa miyendo kuti machira asagwedezeke. Ife tinkawaseka kuti sadziwa kuguba, mpaka tsiku limene anatinyamula."

"Mfuti ankagwira?" anafunsa kalipentala.

"Aigwire ndi chiyani? Manja onse awiri anali pamitengo ya machira. Ankalowa kumene ife tikuthawako, opanda ngakhale mpeni. Madzulo unkawapeza pamgolo wa madzi akudzikhula mpaka m'zigongono. Anali magazi athu amenewo, mwana wanga, a ife amene ankatitola."

Kalipentala anatchula dzina la bambo ake ndi nambala ija. Agogowo anaganiza, n'kupukusa mutu.

"Ndisakunamize, sindikuwadziwa. Wogona pamachira amaona mitambo ndi msana wa wakutsogolo basi. Koma kuyenda kumeneku munthu sakutola pamsewu."

Bedi analilowetsa, chitseko anachibwezera, koma kalipentala sakumbuka kuti anamanga bwanji mahinjesi aja. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Zaka zonsezi yankho ankayenda nalo m'miyendo, akulifuna m'maofesi.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo, onse awiri, utuchi uli m'tsitsi. Kalipentala anakhala m'mphepete mwa bedi la amayi ake n'kufotokoza zonse monga anazimvera, osawonjezera, osachotsa, ngakhale zoti nkhalambayo sinawadziwe bambo awo. Amayiwo anayang'ana kudenga.

"Ukuti ankanyamula?"

"Ankanyamula, amayi."

"Tsiku lobadwa iwe," anatero amayiwo, "galimoto inasowa. Bambo ako anazula chitseko, n'kuitana amalume ako kuti agwire kumbuyo. Njira yonse ankawakalipira, manja, manja, alamu, ndati manja! Ine ndinkati bamboyu wapenga, mkazi ali pa ululu iye akuphunzitsa munthu kuyenda." Anaseka pang'ono, misozi ikutsikira m'makutu. "Koma sindinagwedezeke. Mpaka kuchipatala sindinagwedezeke."

Mng'ono uja anatembenukira kukhoma n'kumadzipukuta ndi kolala.

"Nditulutseni panja," anatero amayiwo. "Ndikhumba dzuwa."

"Tikutengereni pampando?"

"Ayi. Pachitseko."

Kalipentala anatenga sikuludiraiva n'kuzula chitseko chachiwiri tsiku limenelo. Anawakweza ndi matiresi omwe, opepuka ngati mtolo wa zovala, n'kutuluka nawo kudzera kukhitchini. Wakutsogolo manzere, wakumbuyo manja. Mkazi wa kalipentala anasuntha zovala pachingwe kuti adutse. Atafika pamene panali dzuwa anafuna kuwatsitsa, koma amayiwo, maso ali chitsinzinire, anagwira m'mphepete mwa chitsekocho.

"Musanditsitse msanga. Zungulirani nyumba."

Anazungulira kamodzi, n'kuyambanso kachiwiri. Mikono inkawawa, koma palibe anadandaula. Ali kuseri kwa nyumba, kalipentala anamva amayi ake akulankhula chapansipansi kumbuyo kwake, ndipo anadziwa kuti sakulankhula ndi iye.

"Bambo a ana, manja anu aja ndinkawaopa pachabe. Ndikubwera ndidzawagwire."