Amayi Ake a Boma

M'mawa uliwonse, asanagwire foni ya ku ofesi, a Peji amayamba amanga batani la pakhosi. Amati boma silingalankhule khosi lili pamtunda. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a ku ofesi yoona za misewu, poti ntchito yawo ndi kuyendetsa peji ya ofesiyo pa Fesibuku: kulengeza za msewu wotsekedwa, kuyankha odandaula, kufufuta zotukwana. Munthu akawalalatira, amameza malovu n'kulemba kuti, "Zikomo, dandaulo lanu talandira."

Zinthu zinasokonekera mlongo wawo atagulira amayi awo foni yamakono.

Tsiku limene a Peji analengeza za mlatho wogumuka, pansi pake panatuluka ndemanga: "Walemba bwino mwana wanga. Koma wadya?" A Peji anaifufuta msangamsanga. Mawa lake inabwera ina: "Iwe, ndinakufunsa dzulo. Mwano wayamba liti?" Anthu anasiya za mlatho. Wina anati boma liyankhe amayi ake, wina anafuna kudziwa ngati boma ladyadi. Amayiwo ankayankha aliyense, mosabisa kanthu.

Abwana anawaitanitsa a Peji.

"Mayi ameneyu ndi ndani?"

"Ndi nzika, bwana."

"Nzika yadziwa bwanji kuti boma linkakodza pogona mpaka Sitandade 3?"

A Peji anayang'ana nsapato zawo.

"Muwabuloke, asamaionenso pejiyo. Apo ayi, foniyo tipatsa wina."

Ataweruka anapita kwa amayi awo. Anawapeza pa sofa, magalasi ali pamphuno, akutayipa ndi chala chimodzi ngati akupha nyerere.

"Amayi, peji ija si yanga. Ndi ya boma."

"Amalembapo ndani?"

"Ine."

"Nanga?"

"Koma ndikamalembapo sindikhala mwana wanu."

"Hee! Umakhala wa ndani? Miyezi yonse ija ndinanyamula dipatimenti?"

"Ntchito inditha, amayi."

Amayi anavula magalasi. "Ndikakuimbira, uli pamitingi. Ndikaimbanso, uli pamitingi. Pamenepo m'pomwe ndimaonera kuti wadzuka. Ukalemba za msewu, ndimati eya, ali moyo."

A Peji anamwa tiyi amene anawapatsa, wa shuga wambiri ngati wa mwana, n'kutsanzika.

Mawa lake anafika ku ofesi osesa asanamalize. Anatsegula pejiyo, napeza chithunzi cha amayi awo, chojambulidwa pafupi kwambiri moti kunkaoneka mphumi ndi siling'i basi. Ananong'ona kuti, "Pepani amayi," n'kudina powabulokera. Kenako anatulutsa foni yawoyawo naimba.

"Kwagwanji?" anafunsa amayi. "Wadwala?"

"Ayi, ndimangoti ndikudzutseni."

"Wachita bwino. Ubwere udzaone foniyi, boma lasowa. Ndasakasaka, kulibe."

"Ndibwera madzulo," anatero a Peji, atayamba kale kuganiza zoti akanene.