Natanael wa Matumba a Batata Anakakweza Chimphona ku Portugal

Inu amene mwagwira tsaya lero mukuti zanu zada, tamvani za Natanael wa ku Fonte Boa.

Sabata imodzi yokha inamuthyola miyendo yonse iwiri. Lolemba anapita ku Ulongwe kukaona zotsatira za ezame ya desima, mayeso a kalasi ya khumi, napeza kuti walephera kachiwiri. Loweruka timu ya mpira wa miyendo ya kwawo inamuchotsa. Anali wamfupi, wojintcha, khosi losaoneka pomwe layambira, ndipo anzake ankamutcha Chitsa.

"Iwe Chitsa, mpira suuthamangira, umangogubuduka," anatero kaputeni, anthu n'kufa nacho chiseko.

Anafika kunyumba misozi ili chuchuchu. Bambo ake anali atamwalira kalekale, ndipo mayi ake, a Madalena, sanali munthu wonyengerera.

"Pukuta kumasoko. Pita ku Kalomwe. Thumba la batata silifunsa sertifikado."

Ndi mmene anayambira kukweza matumba m'makamiyau, malole akuluakulu aja, pamalire a Kalomwe. Ntchitoyo ili ndi lamulo lake. Mainjini amalira mwakuti kuwerenga kuti chimodzi, ziwiri, zitatu n'kungotaya malovu, mnzako sakumva. Choncho anthu awiri amagwira makutu a thumba, mmodzi n'kukoka khutu lake kawiri pang'onopang'ono. Akakoka kachiwiriko onse amapinda mawondo, thumba n'kuuluka. Ukachedwa, limakutera pachala. Mwezi woyamba Natanael anataya zikhadabo ziwiri za kumapazi, koma sanathawe. Patatha zaka zitatu, aliyense ankalimbirana kugwira naye thumba.

Tsiku lina a pulofesolo Geraldo, mphunzitsi wa ku Fonte Boa amene anaphunzira ku Maputo, anaima n'kumamuyang'anitsitsa.

"Mphwanga, unamvapo za ragibi?"

"Ndi mankhwala a batata, apulofesolo?"

A Geraldo anaseka, natulutsa m'chikwama mpira wooneka ngati papaya. Anamufotokozera kuti mpirawo amathamanga nawo m'manja, amapatsirana chakumbuyo, ndipo kutsogolo kwa timu kumafunika anthu aafupi, ojintcha, opanda khosi.

"Masewera ofuna zitsa?" Natanael anafunsa, maso ali tong'o. "Nanga anali kuti nthawi yonseyi?"

Abale, mnyamata anaukonda mpirawo ngati wamudyetsa mankhwala! Lamlungu lililonse Misa ikatha ankagwetsana ndi anzake pabwalo la fumbi mpaka zigongono kusupuka. A Geraldo anapita naye ku Maputo kukasewera, n'kumatumiza mavidiyo ake uku ndi uku. Ambiri sanayankhe n'komwe. Chaka chachitatu, timu ina yaing'ono ya ku Portugal inamuitana kuti ikamuyese kwa masabata atatu.

Koma kumeneko anakapeza nkhani ina. Malo a osewera ochokera kunja anali owerengeka, ndipo anatsala amodzi okha. Owafuna anali awiri: iye ndi chimunthu china cha ku Argentina chimene chinayamba ragibi chisanamere mano. Wolephera akwera ndege kubwerera kwawo.

Masabata awiri oyamba zinamuvuta zedi. Malamulo ankawasokoneza, wezulo inkangolirira iye. Mphunzitsi wa timuyo anamuuza mosabisa kuti, "Mphamvu uli nazo, koma masewerawa sunawadziwe." Natanael anachita mantha. Ankadziona akutsika shapa, kaminibasi ka kwawo, pa Ulongwe, anzake aja akufunsa kuti, "Chitsa, wagubudukanso?"

Mpata womaliza unali masewero a Loweruka. Mu ragibi, mpira ukatuluka kunja amauponya pakati pa mizere iwiri ya osewera, ndipo anthu awiri amanyamula mnzawo m'mwamba kuti auwakhe. Wowakha wa timu yawo anali Pita, chimphona cha ku zilumba za Tonga, mlendo mnzake amene anali atasaina kale. Chigawo choyamba mphunzitsi anaika wa ku Argentina uja kuti azimunyamula. Iwo ankawerenga mokuwa asananyamule. Ochemerera timu inayo anabwera ndi ng'oma, mawu osamveka, ndipo akamveka adani ankadumpha nawo limodzi. Mpira unalandidwa kanayi konse.

Pa nthawi yopuma mphunzitsi anali atapsa mtima, akuloza aliyense chala. Natanael anamva ng'oma zija zikugunda kunja, zikumukumbutsa mainjini a pa Kalomwe. Anakweza dzanja, nayankhula m'Chipwitikizi chomwe chija chinamugwetsa ezame.

"Aphunzitsi, tisiye kuwerenga. Kwathu thumba sitiliwerengera."

Iye anapita kwa Pita, nagwira mpendero wa kabudula wake.

"Ndikakoka apa kawiri, mupinde mawondo. Wakumbuyo aone mawondo anuwo, woponya aone dzanja langa. Pakamwa pakhale potseka."

"Ndiye ine ndasanduka thumba la batata?" anafunsa Pita.

"Inu ndinu opepuka, akulu. Batata sadumpha yekha."

Chipinda chonse chinaphulika ndi chiseko. Mphunzitsi anakanda mutu, kenako anati, "Lowa ukayese."

Mpira utangotuluka koyamba, Natanael anaima kutsogolo kwa Pita. Anakoka kamodzi. Anakoka kachiwiri. Eee! Pita anangoti m'mwamba nyamu, mpira m'manja khathu, adani akadali chiimire kudikira kuti amve chiwerengo! Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu Pita atatera, gulu lonse linakankhana mpaka kuwoloka mzere wa adani n'kugoletsa, Natanael ali pakati ngati ng'ombe yapangolo. Anapambana masewerowo, ndipo chigawo chonsecho sanalandidwenso mpira wa pamzere ngakhale umodzi.

Lolemba mphunzitsi anamuitana mu ofesi, namupatsa cholembera.

"Malamulo ndikuphunzitsa ine. Icho wabwera nachocho ndilibe. Saina apa."

Natanael anaimbira mayi ake foni n'kuwauza nkhaniyo. A Madalena anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndiye wawoloka nyanja kukanyamula munthu? Chabwino mwanawe, koma usakamuponye m'kamiyau." Kenako Natanael anamva nthungululu ikulira pa foni mpaka khutu kuwawa.

Nyengo ya masewero itatha anabwera kumudzi ndi thumba la mipira, Pita ali pambuyo pake akuwerama pa zitseko zonse za ku Fonte Boa. Pabwalo la fumbi lija panadzaza anyamata, atsikana ndi onyamula katundu a pa Kalomwe. Kaputeni uja amene anamuchotsa mu timu anabweranso, akuchita manyazi, kudzapempha kuti amuphunzitse. Natanael anamuponyera mpira.

Inu owerenga, mwina ntchito imene mukugwira lero mukuchita nayo manyazi. Mwina akusekani chifukwa cha thupi lanu, kapena ezame yakukanani kawiri. Igwireni ntchitoyo ndi manja awiri, muidziwe mpaka m'makutu mwake. Natanael sanapite ku Portugal ndi sertifikado, anapita ndi zimene anaphunzira pokweza batata. Musataye mtima, pindani mawondo, nyamulani!