Chitsotso cha Amayi

Ndikukumbukira chiwambo cha amayi kuseri kwa nyumba yathu ku Ngabu. Ankawamba milamba yochokera ku dambo la Elephant Marsh, ndipo utsi wake unkatikakamira m'zovala mpaka kutchalitchi. Mwezi wa Okutobala mphepo yotentha inkabwera ndi fumbi, amayi ali chiweramire pa utsipo, maso ali psuu.

Ntchito yanga inali kuwauzira m'maso. Ndikangoyamba phada ndi anzanga, ndinkamva: "Esinala, mwananga, tabwera! Chitsotso chija chabwereranso." Ankakhala pa mtondo n'kukanula chikope ndi zala zonunkha nsomba. Ine ndinkasuzumira, osaona kanthu, koma n'kuuzira ndithu, fuu! fuu!

"Chatuluka?"

"Chatuluka, amayi. Kamchenga."

Linali bodza. Ndinkathamangira phada, ndipo ndinkadziwa kuti ndikanena zoona andiuza ndiuzirenso. Tsiku lina ndinachita kutola kamchenga pansi n'kuwaonetsa pa chala. Anathokoza kuti "takhuta", nandinyemera mutu wa mlamba. Ndinadya osatsamwa n'komwe.

Kamodzi anafunsa ngati n'koyenera kupita kuchipatala. Atsibweni anaseka, amvekere munthu sapita kuchipatala chifukwa cha mchenga umene mwana akuchotsa tsiku ndi tsiku. Amayi anakhala osapita. Patapita zaka anasiya kuwamba, ntchito imene ankainyadira, chifukwa maso sankapiriranso utsi. Ankangokhala m'nyumba atatsinzina, chitsotso chili chikhalire.

Chaka chatha nanenso ndinayamba kumva mchenga m'maso. Adokotala anandidonthezera mankhwala achikasu m'maso, naunika ndi kanyali, n'kunena kuti mulibe chitsotso, maso angouma. Ndinatsutsa, poti misozi inkachita kuyenderera. Anati misozi yotere ndi madzi chabe, sikhalitsa pa diso. Utsi, fumbi, mphepo ndi ukalamba ndi zimene zimaumitsa maso. Anandipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza, nati ndizithowa zikope ndi kansalu kofunda, ndizipewanso utsi.

"Nanga kuuzira?" ndinafunsa.

"Kumeneko ndiye kuumitsiratu, mayi."

Ndinatuluka kabotoloko kali m'manja. Masiku ano kabotolo kotere kamapezeka m'sitolo za mankhwala, ndipo kamakwana m'chikhatho. Sindidziwa ngati kanalipo nthawi imeneyo, koma ndikanangoti "mulibe kanthu", mwina amayi akanapita kukafunsa. Amayi anatisiya akukhulupirira kuti mwana wawo ali ndi diso lakuthwa. Zimandipweteka. M'mawa uliwonse ndikakanula chikope kuti ndidontheze, ndimawamva akufunsa ngati chatuluka.

Sichinatuluke, amayi. Munalibemo kanthu.