Timatabwa ta pa Phiri la Kamiyachi

Mayi Tsuyako Hiraide anabadwira m'munsi mwa phiri la Kamiyachi, anakwatiwa momwemo, ndipo amuna awo atamwalira anatenga tsache n'kuyamba kusesa pa kachisi wa pamwamba pa phirilo. Kachisiyo anali wamng'ono. Wansembe ankabwera mwa apo ndi apo, moti masiku ambiri mayiwo ankacheza ndi akhwangwala okha.

Zinthu zinasintha pamene opanga makatuni a pa TV anajambula masitepe a kachisiyo m'nkhani yawo. Achinyamata anayamba kutsika basi mafoni ali m'manja, kufunafuna pamene panaima mtsikana wa m'katuniyo, munthu woti phazi lake silinapondepo n'komwe. Poyamba a Tsuyako ankangowaona ngati ana osowa chochita. Koma anawo ankawerama pachipata, zinyalala zawo ankanyamula, ndipo pa timatabwa tolembapo mapemphero ankajambulapo mtsikanayo mwaluso lodabwitsa. Mtima wa mayiwo unafewa, ngakhale pakamwa sipanafewe.

"Mwafika, akamwini? Mkazi wanu uja lero wachokapo, wapita kumsika," ankatero akaona anyamata akukwera, anyamatawo n'kumangoseka mwamanyazi.

Chaka chilichonse mu Januwale, nyengo yozizira kumeneko, timatabwa tonse timatenthedwa pabwalo la kachisi kuti zopempha za anthu zikwere ndi utsi. Chaka chino, m'mawa wa tsiku la motolo, a Tsuyako atamasula kale timatabwato n'kutiunjika m'madengu, kunatulukira mayi wina wovala zakuda, akupumira m'mwamba chifukwa cha masitepe. Anati ndi Mayi Nagamine, achokera ku Nagoya.

"Mwana wanga Shunpei ankabwera kuno chilimwe chilichonse," anatero mlendoyo. "Anatisiya mu Novembala. Anzake andiuza kuti anapachika kathabwa kuno. Chonde amayi, ndingokagwirako kasanapse."

"Pepani kwambiri, mayi. Anali wooneka bwanji?"

"Wamtali, wamagalasi, wosalankhulalankhula."

A Tsuyako anausa moyo. Theka la anyamata okwera phirilo anali otero.

Awiriwo anakhala pansi n'kuyamba kutembenuza timatabwa. Vuto linali lakuti ana okonda makatuni salembapo mayina awo enieni, amalemba ongopeka omwe amadziwana nawo pa intaneti, ndipo mayiyo dzina lopeka la mwana wake sankalidziwa.

"Nanga kajambulidwe kake simungakazindikire?" anafunsa a Tsuyako.

Mlendoyo anagwetsa nkhope. "Sindinayang'anepo. Akati andionetse, ndinkati, chimunthu chachikulu iwe, mpaka lero ukujambulabe zidole? Ndiye anangosiya kundionetsa."

Apa a Tsuyako chisoni chinawagwira kwambiri. Bodza linali pafupi. Akanatha kutola kathabwa kalikonse kokongola n'kunena kuti ndi aka, mnyamatayo ndamukumbuka, mayiyo n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Anafika mpaka pokanyamula kena. Koma limenelo linali pemphero la mwana wa eni ake, ndipo kunama pabwalo la milungu analibe nako mphamvu. Anakabwezera m'dengu.

Wansembe anafika, nkhuni zinayaka, anthu a m'mudzi anaima mozungulira. Kuponya timatabwa pamoto inali ntchito ya a Tsuyako kuyambira kalekale, ndipo sankalola munthu kuwalandira, ngakhale chaka chimene anathyoka mkono. Tsikulo anakokera dengu loyamba pamapazi pa mlendoyo.

"Mayi, kake n'kati ine sindikudziwa, ndisakunamizeni. Koma kuti kali muno, kalimo ndithu. Muponye ndinu, kamodzikamodzi. Musathamange, moto udikira."

Mayi Nagamine anavula magolovesi. Ankatola kathabwa n'kukayang'anitsitsa, maso a mtsikanayo, tsitsi, ngakhale timaluwa ta m'mbali, n'kukaika pamoto ndi manja awiri. Madengu anali ambiri ndipo kunkazizira koopsa. Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi. Wansembe anamaliza mapemphero ake n'kumadikira.

Mayiyo sanadumphe ngakhale kamodzi. A Tsuyako anaima pambali pake n'kumamukankhira madengu, ndipo pa kathabwa kalikonse ankamumva akunong'ona mawu omwewo:

"Wajambula bwino, mwana wanga."